Perefyumu wamakedzana: botolo lakale, latsopano, kapena lofanizira?

Ambiri ofuna perefyumu wakale amabwera ndi ganizo limodzi: kale ankapanga ndi maluwa enieni, lero angodzaza mankhwala. Mbiri siyivomereza zimenezo. Maperefyumu amene lero timawapatsa ulemu wa akuluakulu, monga Jicky, Mitsouko, Chanel No 5 ndi Shalimar, anatchuka chifukwa cha mankhwala opangidwa mu labotale omwe pa nthawiyo anali atangotulukira kumene. Ena mwa mankhwalawo analetsedwa pambuyo pake, ena anachepetsedwa mlingo, ndipo kusiyana kwa botolo la 1975 ndi la dzina lomwelo limene lili pashelefu lero kwagona pamenepo. Wodziwa chimene chinalowa m'botolo ndi chimene chinachotsedwamo savutika posankha.

Zimene zinalowa m'botolo

Mu 1868 William Henry Perkin wa ku London, yemwe anali atatchuka kale popanga utoto kuchokera ku phula la malasha, anapanga coumarin. Mwachilengedwe coumarin amapezeka mu njere za tonka za ku South America, ndipo amanunkhira ngati udzu womweta kumene ukamanyala padzuwa. Mu 1882 Paul Parquet wa kampani ya Houbigant ku Paris anamuthira wambiri mu Fougère Royale, pamodzi ndi lavender ndi ndere za pamitengo ya oak. Fougère ndi dzina la Chifalansa la chomera cha fern, chomwe chilibe fungo loti munthu n'kufinya, choncho Parquet anachita kulipeka. Mpaka lero sopo wometera ndevu ndi maperefyumu ambiri a abambo amatsata kasakanizidwe komweko.

Vanillin anabwera mu 1874. Ferdinand Tiemann ndi Wilhelm Haarmann anamupanga kuchokera ku madzi a pansi pa khungwa la mitengo ya mtundu wa paini, ndipo fakitale yake inamangidwa ku Holzminden m'dziko la Germany, tauni yomwe mpaka lero ndi likulu la kampani ya Symrise. Aimé Guerlain anaphatikiza vanillin ndi coumarin mu Jicky wa 1889, amene akugulitsidwabe. Mlongo wake wa vanillin wamphamvu kuposerapo, ethyl vanillin, ndiye mtima wa Shalimar wa 1925.

Nkhani ya musk ndi yodabwitsa. Musk weniweni ankachokera m'kathumba ka pamimba pa kanyama kamphongo konga gwape ka kumapiri a Himalaya ndi Siberia, ndipo nthawi zambiri ankachita kukapha kuti akatenge. Mu 1888 Albert Baur, ali kalikiliki kufufuza mankhwala ophulitsira a mtundu wa TNT, anapeza kuti china chimene anapanga chinali kununkhira musk. M'banja limeneli munatuluka musk ketone, musk xylene ndi musk ambrette, onse otchipa. Kafungo kofunda kaufa wodzola kumaso kamene kamatsala pa kolala ya malaya mawa lake mukadzola perefyumu wa zaka za m'ma 1950, kawirikawiri ndi mankhwala amenewa, osati gwape.

Pali maluwa ena osalankhula, kunena kuti ngakhale mutawaphika kapena kuwanyika motani satulutsa mafuta okhala ndi fungo lawo. Fungo la violet linapezeka mosavuta Tiemann ndi Paul Krüger atapanga ionone mu 1893. La lily of the valley linadalira hydroxycitronellal, amene anatulukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo Edmond Roudnitska anamangirapo Diorissimo mu 1956. Diorissimo amamveka ngati munda wa maluwa m'mamawa, chikhalirecho duwalo mulibemo ngakhale dontho.

Kafungo kapichesi ka mu Mitsouko wa 1919 ndi ka gamma-undecalactone. Kuwala kwa Chanel No 5, amene Ernest Beaux anasakaniza mu 1921, n'kwa ma aldehyde otchedwa C-10, C-11 ndi C-12. Paokha amenewa amanunkhira ngati kandulo yozimitsa kumene ndi nsalu yoyera yotuluka pansi pa ayironi yotentha, koma akathiridwa pa jasmine ndi rozi amawanyamula m'mwamba. Chikopa chowawa cha mu Bandit, amene Germaine Cellier anapangira Robert Piguet mu 1944, ndi isobutyl quinoline.

Gulu lachiwiri linafika nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, ndipo ndi limene linaumba mphuno zathu za lero. Hedione wa kampani ya Firmenich anapepukitsa Eau Sauvage mu 1966. Galaxolide wa kampani ya IFF, wa 1965, analowa mu sopo waufa wochapira mpaka anthu anayamba kumutcha fungo laukhondo. Iso E Super anabwera mu 1973, Calone anabweretsa fungo la mphepo ya kunyanja lomwe linadzaza masitolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ethyl maltol, wonunkhira shuga wopsereza, anatchuka ndi Angel wa Thierry Mugler mu 1992. Munthu wokulira m'mafungo amenewa akanunkhiza Mitsouko koyamba amati ndi wolemera, wa agogo. Mphuno imazolowera, mupatseni masiku atatu.

Zachilengedwe zinalimo ndithu, ndipo zambiri kuposa lero: jasmine wa ku Grasse, rozi amene maluwa ake oposa matani atatu amatulutsa kilogalamu imodzi yokha ya mafuta, sandalwood wa ku Mysore ku India, ndi mafuta a fungwe, nyama yomweyi ya m'tchire zathu, amene ku Ethiopia amaweta m'makola n'kumapala kathumba ka pansi pa mchira wake. Luso linali pophatikiza ziwirizi.

Zimene zinachotsedwamo

Bungwe la IFRA, lokhazikitsidwa mu 1973 ku Geneva ndi makampani opanga mafungo, limaika malire a mlingo wa mankhwala, ndipo European Union imaika malamulo ake pamwamba. Popeza makampani safuna kupanga perefyumu wosiyana wa dziko lililonse, lamulo la ku Ulaya limafika mpaka pa botolo logulitsidwa ku Lilongwe kapena ku Lusaka.

Musk ambrette ankatupitsa khungu likawombedwa ndi dzuwa, makamaka kwa abambo odzola mafuta akatha kumeta ndevu, ndipo ku Ulaya analetsedwa mu 1995. Musk xylene anapezeka m'nsomba za mumtsinje wa Tama ku Japan mu 1981, kenako mumkaka wa m'mawere, chifukwa sawola msanga, makampani anamusiya. Musk ketone amaloledwabe pang'ono.

Nkhonya yaikulu inagwera ndere za oak, zomwe ndi maziko a maperefyumu a mtundu wa chypre, dzina lochokera pa Chypre wa François Coty wa 1917. Mu nderezi muli atranol ndi chloroatranol, zoyambitsa zidzolo kwa anthu ena. IFRA inachepetsa ndere mpaka 0.1 peresenti ya perefyumu yense, ndipo lamulo la ku Ulaya la 2017 linaletsa mankhwala awiriwo pamodzi ndi Lyral, mankhwala a fungo la lily of the valley, chiletso chomwe chinayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2019 n'kumalizika mu Ogasiti 2021. Lero amagwiritsa ntchito ndere zoyeretsedwa kapena Evernyl wa mu labotale. Zonsezi zimapereka kuuma kwa ndere, koma osati mdima wake wonyowa wonga dothi la m'nkhalango mvula itagwa. Lilial, wina wa mankhwala a lily of the valley, analetsedwa mu Marichi 2022, ndipo hydroxycitronellal anachepetsedwa. Bergamot, chipatso cha banja la mandimu, lero amachotsedwa bergapten, mankhwala owotcha khungu padzuwa, asanalowe m'botolo.

Sikuti zonse ndi malamulo. Sandalwood wa ku Mysore anadulidwa mpaka kusowa, malonda a gwape wa musk anamangidwa ndi pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera lotchedwa CITES, makampani akuluakulu anasiya fungwe weniweni, ndipo ena, tisabise, anangochepetsa zodula kuti phindu likule n'kumaloza chala malamulo.

Botolo lakale losatsegula

Botolo lakale ndilo njira yokhayo yonunkhizira ndere zonse, musk wa Baur ndi sandalwood weniweni monga mmene wosakaniza anafunira. Ndi njira yodulanso kwambiri, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: botolo lingathe kuoneka ngati latuluka m'sitolo dzulo koma madzi ake atafa kalekale.

Adani ake ndi atatu, mpweya, kuwala ndi kutentha, ndipo amayambira pamwamba, kutanthauza pa mafungo opepuka amene amamveka koyamba mukangodzola. Mafuta a mandimu, malalanje ndi bergamot ali ndi limonene, amene akakumana ndi mpweya amasanduka n'kumanunkha ngati thina wa penti. Ma aldehyde amasanduka asidi, fungo n'kusasa. Zapansi, zolemera zotsalira pakhungu, monga vanila, patchouli, utomoni wa labdanum, ndere ndi musk, zimapirira zaka makumi angapo, zina zimachita kukoma. Choncho mtundu wa perefyumu ndi umene ukuuzeni ngati n'koyenera kuika ndalama. Shalimar, Mitsouko, Bandit, Opium wa 1977 ndi anzawo olemera amakalamba bwino. Diorissimo, Vent Vert wa 1947, Eau Sauvage ndi makoloni onse a mandimu moyo wawo uli pamwamba, ndipo botolo la zaka 40 nthawi zambiri limakhala mutu utadulidwa. Pa mphamvu, sankhani parfum, wotchedwanso extrait, amene mafuta ake amafika 20 mpaka 30 peresenti ndipo amadalira zapansi. Eau de toilette, wa pakati pa 5 ndi 15 peresenti, amadalira kwambiri zapamwamba zomwe zimayamba kuwonongeka.

Kuda kwa madzi pakokha si umboni woti awonongeka. Vanillin ndi indole wa mu jasmine amadetsa perefyumu mpaka kufanana ndi tiyi wopanda mkaka fungo lili bwinobwino. Choopsa ndi madzi amatope, zinyenyeswa zoyandama, kapena mlingo wotsika kwambiri m'botolo lomatabe. Madzi akatsika pang'ono pansi pa khosi ndi zachibadwa. Akafika theka, sipiriti wauluka ndipo mpweya wakhala ukulowa kwa zaka. Chotsalacho chimakhala chokhuthala ngati manyuchi, chokoma pansi koma chopanda chiyambi.

Zaka za botolo muziwerenge pa bokosi, osati pakamwa pa wogulitsa. Mndandanda wautali wa mayina monga Limonene, Linalool, Coumarin ndi Evernia Prunastri, lomwe ndi dzina la ndere za oak, unayamba kukakamizidwa ku Ulaya mu 2005, ndiye bokosi lokhala nawo si la zaka za m'ma 1980 ngakhale wogulitsa alumbire. Mukaona Butylphenyl Methylpropional pamndandandawo, ameneyo ndi Lilial, ndipo botololo, ngati ndi la msika wa ku Ulaya, ndi la pakati pa 2005 ndi 2022. Kachizindikiro kozungulira ka mivi iwiri yokumbatirana kanayamba ku Germany mu 1991. Mizere ya barcode inafala pamabokosi a perefyumu kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Bokosi lopanda zonsezi, longolemba mamililita ndi mphamvu ya sipiriti monga 80° kapena 90°, ndi lakale ndithu. Nambala ya gulu yodindidwa pansi pa botolo ifanane ndi ya pabokosi. Samalaninso ndi mabotolo otchedwa factice, omwe ankaikidwa pawindo la sitolo ngati chionetsero: m'kati mwake ndi madzi a utoto basi.

Chivindikiro chagalasi chimene chakhala zaka 50 chimamatirira. Dulani ulusi wa pakhosi ndi lezala, chotsani kanembanemba komatira, kenako donthezani madontho awiri kapena atatu a sipiriti woyera pamphako ya khosi ndi chivindikiro kuti asungunule utomoni wouma. Dikirani mphindi 10. Chikakana, ikani botolo mufiriji kwa mphindi 20, mukulunge chivindikiro ndi kansalu, ndipo mupotoze pang'onopang'ono uku ndi uku, osakoka. Madzi otentha ayi, amaphika perefyumu. Pulayala ayi, imathyola mutu wa chivindikiro n'kusiya tsinde lake m'khosi, ndipo pamabotolo abwino chivindikiro chinanoledwa pamodzi ndi botolo lake moti china sichingakwane bwino.

Zotsala, timabotolo ndi zogawa

Botolo lotsegula kale limatchipa, koma mtundu wake ndi wofunika. Lopopera lomwe mutu wake unaphanidwa kufakitale ndi lodalirika, chifukwa n'kovuta kuthiramo china ndipo chala sichinakhudze madziwo. Lotsanula, lomwe mwini wake ankatseka kukamwa ndi chala n'kupendeketsa, limakhala litalandira thukuta ndi mafuta a khungu kwa zaka, komanso ndi losavuta kuwonjezeramo madzi kapena koloni wotchipa. Mabotolo opopera a gasi a zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ali ndi vuto lawolawo: gasi akathawa madzi amatsekeredwa m'kati, ndipo labala wa m'mutu mwake akafumbwa amapatsira perefyumu fungo lake. Timabotolo ta mamililita 4 mpaka 7 timakopa, koma anthu ambiri ankatisunga ngati zokongoletsa pashelefu yowala, ndiye gulani tokhala ndi kabokosi kake.

Njira imene timalimbikitsa kwa aliyense woyamba ndi kugula zogawa, kutanthauza mililita imodzi kapena awiri otapidwa m'botolo lalikulu la wosonkhanitsa. Kupopera kamodzi kumatulutsa pafupifupi 0.1 ya mililita, choncho mililita imodzi ndi maulendo khumi, okwanira kudziwa ngati ndere zimagwirizana ndi khungu lanu ndi mphuno yanu. Fodya ndi uyu ali pamphuno; zolemba za anthu pa intaneti sizingakununkhizireni. Kuipa kwake n'kwakuti mukudalira chilungamo cha wogawayo, popeza bokosi simuliona, ndipo kabotolo kakang'ono kamauma msanga. Kakhale kagalasi, mukulunge pakhosi pake ndi tepi yoyera ya mapulambala, ndipo mukamalize m'miyezi yowerengeka.

Botolo latsopano la dzina lakale

Okonda zakale amalinyoza, koma nthawi zambiri mopitirira. Botolo latsopano lili ndi mutu wake wonse, mungathe kuliyesa m'sitolo musanalipire, lilibe bergapten kapena musk ambrette, ndipo likatha mukagula lina. Pa maperefyumu a mandimu, a masamba ndi a maluwa opepuka, latsopano lochepetsedwa limaposa lakale lowola. Pomwe limagonja ndi pansi. Pakatha maola atatu kapena anayi, pamene lakale limayamba kufunda ndi kuzama, latsopano limaonda n'kutsala ndi musk woyera wonga wa sopo wochapira.

Makampani sasintha mofanana. Guerlain, pansi pa Thierry Wasser amene anakhala wosakaniza wawo mu 2008, anakonzanso Mitsouko pogwiritsa ntchito ndere zoyeretsedwa, ndipo ambiri odziwa amavomereza kuti anabwerera pafupi ndi mwini wake. Chanel ali ndi mgwirizano ndi alimi a jasmine ndi rozi ku Grasse, zomwe zimathandiza kuti parfum wa No 5 asasochere kutali.

Misampha yake ili pa mayina. Miss Dior wa 1947 anali chypre wobiriwira, wowawirako. Amene akugulitsidwa lero ndi dzinalo anachokera ku Miss Dior Chérie wa 2005, wotsekemera, ndipo wakaleyo anapatsidwa dzina loti Miss Dior Originale. Komanso parfum, eau de parfum ndi eau de toilette a dzina limodzi kawirikawiri si chinthu chimodzi chosungunulidwa mosiyana. Ndi zosakaniza zosiyana. Eau de parfum wa No 5 anapangidwa ndi Jacques Polge mu 1986, ndipo No 5 L'Eau wa 2016 ndi wa mwana wake, Olivier Polge. Wofuna kuyandikira ntchito ya Beaux agule parfum, ngakhale kabotolo ka mamililita 7.5.

Pali njira ina ya pambali pomwepa, ya maperefyumu opangidwa masiku ano motsata kasakanizidwe kakale koma ndi zipangizo zololedwa. 31 Rue Cambon wa Chanel, wa 2007, ndi chypre womangidwa pa patchouli ndi iris m'malo modalira ndere. Houbigant anabwezeretsa Fougère Royale mu 2010 kudzera mwa Rodrigo Flores-Roux. Ubwino wa otere ndi woti anabadwa ndi malamulo alipo kale, ndiye sakhala ndi mpata pamalo pamene chinachake chinazulidwa. Ndipo ngati cholinga ndi kungophunzira mmene fougère amamvekera, simufunika ndalama zambiri: Brut, amene anatuluka mu 1964 ndipo amapezeka m'masitolo wamba, ndi mdzukulu weniweni wa ntchito ya Parquet.

Mafuta ofanizira a pamsika

Timabotolo togudubuza pakhungu tolembedwa mayina a maperefyumu otchuka tili ponseponse, ndipo mtengo wake ndi wa aliyense. Opanga amapima perefyumu weniweni ndi makina olekanitsa mankhwala, n'kusakaniza zazikuluzikulu zomwe zaoneka, kenako kusungunula m'madzi opanda fungo monga dipropylene glycol. Makinawo amagwira bwino mankhwala a mu labotale, koma rozi kapena jasmine weniweni ali ndi tizigawo mazanamazana, ndiye m'malo mwake mumalowa zotchipa ziwiri kapena zitatu, ndipo mipata imatsekedwa ndi Galaxolide ndi Iso E Super. Popeza mulibe sipiriti wonyamula fungo, chiyambi chake chimakhala chogona, koma amakhalitsa pakhungu ndipo sauluka msanga kukatentha.

Pa maperefyumu amakono otsekemera, zofanizirazi zimayandikira modabwitsa. Pa amakedzana zimaphonya kawiri: zimakopera botolo la lero, osati lakale, ndipo zimataya zachilengedwe zomwe zinatsalamo. Kuli bwino kuzigula monga fungo lapalokha lomwe mwalikonda kusiyana n'kuganiza kuti mwanunkhiza mbiri. Zisiyanitseni ndi perefyumu wachinyengo wovala bokosi ndi botolo la kampani yeniyeni. Wofanizira sabisa chimene ali. Wachinyengo amabisa, ndipo palibe akudziwa sipiriti amene wathiridwamo, mwina methanol, yemwe ndi poizoni.

Kadzoledwe

Perefyumu wakale ayesedwe kaye. Ikani dontho limodzi m'kati mwa chigongono, musasambepo, ndipo muone pakatha maola 48, chifukwa zidzolo za ndere sizituluka nthawi yomweyo. Limonene ndi linalool okalamba ndi mpweya amayabwitsa kuposa atsopano, ndiye munthu angathe kudzola botolo latsopano popanda vuto koma lakale la dzina lomwelo n'kumutulutsa zidzolo. Pakafiira, pakayabwa kapena pakatuluka timatuza, botololo ndi la pansalu basi. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi aliyense wa khungu lovuta asankhe latsopano kapena adzoze nsalu.

Dzuwa ndi nkhani yaikulu kwathu kuno kuposa ku Paris. Bergapten wa mu bergamot wakale akakhala pakhungu n'kuwombedwa ndi dzuwa amawotcha, ndipo pamatsala banga lakuda lotsata mmene dontho linayenderera pakhosi. Pakhungu lakuda banga lotere limatha miyezi lisanasuluke. Shalimar wakale ali ndi bergamot wambiri. Dzolani pamalo ophimbika ndi chovala, kapena madzulo, ndipo malo odzolawo asaone dzuwa kwa maola 12.

Parfum sapopera. Tapani ndi kamtengo kotokosera m'mano katsopano kapena kandodo kagalasi, dontho limodzi pachifuwa, lina pamkono ngati mukufuna. Musakhudzitse chivindikiro pakhungu n'kuchibwezera m'botolo. Mphindi 15 mpaka 30 zoyamba zingathe kununkha thina kapena viniga. Musasambe msanga, kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa zowonongekazo zikauluka mtima wake umatseguka. Pakatha ola lathunthu fungo likadali losasa, botololo lapita. Pansalu, ikani kumpendero kwa m'kati kapena pakathonje kolowetsa m'thumba la malaya, popeza madzi akudawo amathimbiriritsa zoyera ndipo banga la vanillin limavuta kuchapa. Za m'ma 1980, monga Poison wa 1985 ndi Kouros wa 1981, zinapangidwira zipinda zozizira za kumpoto. M'minibasi yodzaza mu Okutobala, kupopera kamodzi pansi pa malaya n'kokwanira, ndipo anzanu pampando adzakuthokozani mumtima.

Kasungidwe ndi kanyamulidwe

Ku Versailles kuli nyumba yosungira maperefyumu yotchedwa Osmothèque, imene Jean Kerléo anayambitsa mu 1990. Kumeneko mabotolo amakhala mumdima pa madigiri 12, ndipo pamwamba pa madzi amapoperapo gasi wa argon kuti mpweya usakhudze. Kunyumba simungafike pamenepo, koma mfundo zake ndi zomwezo. Botolo likhale m'bokosi lake, choimirira, m'kabati yapansi m'chipinda chosawomba dzuwa. Pamwamba pa wadirobu pansi pa denga la malata ndi uvuni. Pawindo, kubafa ndi m'galimoto ndi malo ophera perefyumu m'nyengo imodzi, makamaka kumadera ngati Nsanje ndi Chikwawa kumene kutentha kumadutsa madigiri 40.

Firiji imathandiza ngati magetsi ndi okhazikika. Kumene amazimazima, kuzizira ndi kufunda mosinthana kumachititsa botolo kupuma, kukoka mpweya watsopano ulendo uliwonse, ndipo chinyezi chimamatula mapepala ake; pamenepo kabati yozizira ndi yabwino kuposa firiji. Mukaika mufiriji, tsekerani m'kontena yomata bwino, apo ayi majarini ndi mkaka zidzanunkhira Shalimar. Pa botolo lalikulu, tapani mamililita 5 ndi sirinji yatsopano n'kuika m'kabotolo kogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kuti lalikululo lizitsegulidwa kamodzi pa miyezi ingapo. Likatsika kufika gawo limodzi mwa magawo atatu, samutsirani zotsalazo m'botolo laling'ono lodzaza mpaka kukhosi.

Mabotolo akale ambiri amapezeka ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, ndiye kuwafikitsa kuno ndi gawo la mtengo wake. Perefyumu amawerengedwa ngati madzi oyaka, ndipo mapositi ambiri salola kumutumiza kunja pandege. Phukusi lobisa zimene lanyamula likagwidwa limalandidwa. Njira yodalirika ndi wachibale wobwera kuchokera ku London kapena ku Johannesburg. M'chikwama cha m'manja mabwalo a ndege ambiri amalola botolo losapitirira mamililita 100. M'sutikesi yopita pansi pa ndege, botolo limodzi lisapitirire mamililita 500, ndipo zodzola zonse zotere pamodzi zisadutse malita awiri pa munthu. Chivindikiro chagalasi chimadontha mpweya ukasintha mumlengalenga, choncho wonyamulayo achimange ndi tepi ya mapulambala, aike botolo m'kathumba kapulasitiki kotseka, bokosi lake m'kathumba kena kuti lisanyowe, ndipo zonsezo azilowetse pakati pa zovala, kutali ndi m'mbali mwa sutikesi.